Lenzi yanga inakalikira m'chikwama momwe

Ine ndimadyera kamera. Loweruka ndimakhala pa ukwati kapena pa chinkhoswe, mkati mwa sabata ndimajambula ana asukulu ndi misonkhano ya mabungwe, nthawi zinanso kumanda pomanga ziliza ngati abale andiitana. Ndimakhala ku Lilongwe koma ntchito imandiyendetsa ku Mchinji, ku Salima, ku Dedza, mwa apo ndi apo kummwera. Monga zilili ndi ambiri a ife, zida zanga zambiri n'zogula pamanja. Zina zinabwera ndi abale ochokera ku Joni, zina ku UK. Kuno lenzi ikawonongeka sikuti mawa lake ungolowa m'sitolo n'kutenga ina. Umadikira munthu wobwera, umasakasaka ndalama zakunja, ndipo masabata onsewo makasitomala amapita kwa ena. N'chifukwa chake ndikufuna tikambirane za kanthu kamene ojambula ambiri sitikawerengera, chivindikiro cha lenzi.

Ndinagula lenzi ya Canon ya 55-250mm kwa munthu wina amene ankasiya zojambula. Galasi lake linali loyera bwino, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndinaliwunika ndi tochi ya foni ndisanapereke ndalama. Chivindikiro chake sichinali chimene lenziyo inabwera nacho kufakitale. Chinali chopanda dzina, chakuda, cha mtundu uja wotsina m'mbali, ndipo pochiika chinkalira kuti "tcha" ngati china chilichonse.

Tsiku lina mu October ndinali ndi chinkhoswe kumudzi wina cha ku Mchinji. Ndinakwera minibasi, chikwama chili pamiyendo, kenako kabaza wa njinga yamoto pamsewu wafumbi wa mabampu okhaokha. Nditafika n'kutsegula chikwama, ndinapeza chivindikiro chili pansi pa chikwamacho, lenzi ili yasa. Pulagi ya tchaja ya batire, ya mano atatu ija, inali itachoka m'kathumba kake n'kukatsamira pagalasi. Njira yonse inkangogunda pamenepo. Panali mzere umodzi wautali, wokhota, ndi timadontho tingapo pomwe dzino la pulagiyo linkajompha.

Zithunzi za masana zinatuluka bwinobwino, moti ndinayamba kulimba mtima. Vuto linaoneka dzuwa litapendeka. Nthawi imene akuchikazi ankatulutsa atsikana ofundidwa zitenje kuti akuchimuna alozepo wawo, dzuwa linali kutsogolo kwanga, chakumanja pang'ono. Zithunzi zonse za nthawi imeneyo, mpaka pomwe ankhoswe ankasinthana tambala ndi msoti, zinatuluka zotuwa, mitundu ya zitenje itazilala, ndipo pazina panali kachingwe ka kuwala kodutsa pankhope za anthu. Ndinakonza zomwe ndinatha pa kompyuta, koma mwambo ngati umenewo sabwereza. Amayi a mtsikanayo polandira zithunzi sanadandaule, anangofunsa kuti, "Kodi tsikulo kunali utsi?" Funso limenelo linandipweteka kuposa mtengo wa lenziyo.

Ndinapita nayo kwa bambo wina wachikulire amene amakonza makamera ndi mawotchi. Analiyang'ana galasilo n'kupukusa mutu. "Achimwene, ili silipalidwa," anatero. Anandifotokozera kuti pamwamba pa galasi pali timiyalo topyapyala kwambiri ta mankhwala, tomwe timachititsa kuti ukaliyang'ana chammbali lizioneka lobiriwira kapena lofiirira. Ntchito yake n'kuchepetsa kunyezimira kuti kuwala kulowe m'malo mobwerera. Ukapala kuti mzere uchoke, wachotsa timiyaloto, ndipo wasinthanso kapindikidwe ka galasi. Kuitanitsa galasi lina kunja, pa lenzi ya mtengo ngati umenewo, n'chimodzimodzi kugula lenzi ina pamanja. Chimene anachita n'kutenga cholembera cha inki yakuda cha nsonga yaing'ono, n'kudzaza mumzeremo mosamala, n'kupukuta zotsalira. Mzere wakuda sumwaza kuwala ngati mzere woyera. Zinathandizako ndithu, ngakhale sizinabwezeretse lenziyo mwakale.

Kenako anatenga chivindikiro chija. Anachiika palenzi, n'kuchikoka pang'ono ndi chikhadabo, chinangoti phwa kuchoka. Anachitembenuza n'kundionetsa mkati. Chivindikiro chimagwira ndi timano tating'ono tapulasitiki tomwe timalowa m'mazinga a kukamwa kwa lenzi, mazinga omwe aja timamangapo fyuluta (kagalasi kowonjezera kakutsogolo kwa lenzi), ndipo timanoto timakankhidwa ndi kasipuling'i. Pa chimenechi timano tinali titaperepeseka, kasipuling'i katafooka. Kuwonjezera apo, malo otsina anali otulukira kunja m'mbali, ndiye chilichonse chokhudza m'mbalimo m'chikwama, kaya batire kaya khoma la chikwama chomwe, chinkatsina m'malo mwa zala zanga.

Kuyambira pamenepo chivindikiro chilichonse ndimachiyesa ndisanachikhulupirire. Ndimachiika palenzi, n'kuchikoka ndi chikhadabo mbali zonse. Ndimachizunguza, chifukwa chabwino chimazungulira molimba, osati kumangoti gwedegwede. Kenako ndimazondotsa lenzi pamwamba pa bedi n'kuigwedeza mwamphamvu. Chikagwa pabedi, chidzagwanso pa kabaza.

Ndinasiyiratu zotsina m'mbali, ndimagwiritsa ntchito zotsina pakati. Izi malo oika zala ali mkati, olowa, moti chinthu china sichingazitsine mwangozi. Ubwino wina ndi woti umatha kuchiika ndi kuchichotsa hood, kamthunzi kozungulira kamene timamanga kukamwa kwa lenzi, ili pomwepo. Ndi chotsina m'mbali zala sizilowa mu hood, ndiye anthu amatopa n'kusiya chimodzi, kaya hood kaya chivindikiro. Nikon anayamba kale kupanga zotsina pakati, monga LC-52 ndi LC-58. Canon malenzi ake akale ankabwera ndi zotsina m'mbali, koma tsopano ali ndi zotsina pakati zomwe dzina lake limathera ndi II, monga E-58 II. Zopanda dzina zabwino ziliponso, sindikunena kuti zonse n'zachabe. Koma zimasiyana kwambiri, ngakhale ziwiri zochokera mupaketi imodzi, ndiye kuyesa kuja n'kofunika.

Pa nkhani ya saizi ndi pomwe ndaona anzanga ambiri akutaya ndalama. Munthu ali ndi lenzi ya 50mm, amaitanitsa chivindikiro cha 50mm, chikafika sichilowa. Nambala ya 50mm ija ikunena za mmene lenzi imaonera, pafupi kapena patali. Saizi ya chivindikiro ndi kukula kwa kukamwa kwa lenzi, ndipo imalembedwa kutsogolo kapena pambali, pafupi ndi kachizindikiro ka ziro kodulidwa ndi mzere, chonchi: ø58. Imalembedwanso mkati mwa chivindikiro chakale. Canon 18-55mm yobwera ndi kamera ndi 58, chimodzimodzi 55-250mm ndi 75-300mm. Canon 50mm f/1.8 II yakale ija ndi 52, pomwe ya STM ndi 49. Kwa Nikon, 18-55mm ya AF-S ndi 52 koma ya AF-P ndi 55, 35mm f/1.8G ya DX ndi 52, ndipo 50mm f/1.8G ndi 58. Malenzi akuluakulu a ukwati monga 24-105mm f/4 ya Canon ndi 70-200mm f/2.8 ndi 77. Mukuona kuti malenzi a dzina lofanana amatha kusiyana kukamwa. Chivindikiro cha 55 pa lenzi ya 58 chimatha kukakamira n'kumaoneka ngati chagwira, koma chimenecho n'chongoyembekeza bampu.

Tsopano chimene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi ichi: chivindikiro chakumbuyo n'chofunika kuposa chakutsogolo, koma ndi chimene timachitaya msanga. Kukalika kwa galasi lakutsogolo nthawi zambiri sikuoneka pachithunzi, pokhapokha kuwala kukaliwomba mwachindunji monga zinandichitikira ine. Galasi lakumbuyo ndi laling'ono ndipo lili pafupi ndi sensa, kachipangizo ka mkati mwa kamera komwe kamalandira chithunzi, kotero kachilema kapena chidindo cha chala pamenepo chimawononga chithunzi mosavuta. Kumbuyoko kulinso timizere tagolide tomwe lenzi imalankhulira ndi kamera. Tikada kapena kukalika, autofocus, mbali ija imene imachititsa kamera kufokasa yokha, imayamba kusakasaka, kamera n'kumalemba uthenga woti siikumvana ndi lenzi, uli pakati pa perekaniperekani. Ndipo fumbi lililonse lomwe lakhala kumbuyo kwa lenzi, ukaimanga pa kamera, limakathera pa sensa. Mudzaliona ngati timadontho takuda pamalo omwewomwewo pa zithunzi zonse, makamaka pamtambo kapena pa diresi loyera, mukajambula pa f/11 kapena f/16, kutanthauza mutachepetsa kabowo kolowera kuwala ka mu lenzi.

Ndimaona ojambula pa ukwati akusintha lenzi mothamanga, yochotsayo n'kuiponya m'chikwama ili yasa kumbuyo, ati adzatseka mwambo ukatha. Ine ndimachita chonchi. Ndisanachotse lenzi ya pakamera, ndimayamba ndamasula chivindikiro chakumbuyo cha lenzi yomwe ndikufuna kuika, osachichotseratu. Ndimathimitsa kamera, ndimaiweramitsa kuti kukamwa kwake kuloze pansi, msana wanga n'kuupereka kumphepo. Ndikachotsa yakaleyo, chivindikiro chimachoka pa yatsopano n'kupita pa yakale nthawi yomweyo. Palibe chimene chimakhala poyera kupitirira kupuma kuwiri. Ndiyeno chivindikiro chakumbuyo chotsala ndimachimanga pamodzi ndi chotsekera thupi la kamera. Ziwirizi zimalowana ndendende, ndipo zikatsekana mkati mwake simulowa fumbi, komanso sizisowa chimodzichimodzi.

Pali malo ena omwe sindisinthirako lenzi n'komwe. Ku Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumapeto kwa August, gule akatenga bwalo fumbi limakwera mpaka kuphimba anthu. Kumeneko ndimasankhiratu lenzi imodzi mmawa, ndipo gule akadutsa ndikudikira wina, chivindikiro chimabwerera pamalo pake. Chimodzimodzi kamvuluvulu akamabwera pabwalo la mpira wa m'makwalala nthawi yotentha.

Komwe umasunga chivindikiro pamene ukujambula nakonso n'kofunika. Ambiri timachiponya m'thumba la thalauza, momwe muli makiyi, ndalama zachitsulo, nyenyeswa za mtedza ndi ulusi wansalu. Zonsezo zimakanirira mkati mwa chivindikiro, ndipo ukachibwezera palenzi wazithira pagalasi ndi dzanja lako. Ine ndinasankha kathumba kamodzi ka zipi pa lamba wa chikwama, momwe simulowa china chilichonse. Madzulo ndikamatsuka zida, chivindikiro nachonso ndimachiuzira mpweya ndi kuchipukuta mkati. Nthawi ndi nthawi ndimachitsuka ndi madzi ndi sopo pang'ono, n'kuchisiya chiume tsiku lonse.

Tizingwe tomangira chivindikiro kuti chizilendewera palenzi sindimatikonda. N'zoona chivindikiro sichisowa, koma chimangogunda palenzi mphepo ikamawomba, ndipo ukamajambula vidiyo kaphokosoko kamalowa m'maikolofoni. Pa malenzi ena, monga 75-300mm ndi 18-55mm zakale za Canon, kutsogolo kumazungulira lenzi ikamafokasa, ndiye lamba wa lasitiki uja akakhala pamalo olakwika amalimbana ndi kamota kake.

Zovindikira zarabala zotamuka, zomwe zimavekedwa palenzi ngati chipewa n'kukwana masaizi osiyanasiyana, ndinaziyesanso. Paulendo n'zabwino kwambiri. Sizigwa, zimatseka fumbi m'mbali monse, ndipo zimatetezako lenzi ikagunda penapake. Koma pantchito zimachedwetsa, zimafuna manja awiri, ndipo pa lenzi ya zoom yomwe imatuluka kutsogolo muzichotsa mofatsa, chifukwa pokoka mumakokera limodzi ndi mphuno ya lenziyo. Ine ndimaziveka pamwamba pa chivindikiro chanthawi zonse ndikakhala pamsewu wautali, ndikafika ndimazisiya m'chikwama. Ngati mulibe chilichonse ndipo chivindikiro chasowa muli kutali, sokosi yoyera yochapa bwino, yovekedwa palenzi n'kumanga ndi lasitiki, ikufikitsani kunyumba.

Kunyanja ndiye kuli mdani wina. Maanja ambiri masiku ano amafuna zithunzi za pamchenga ku Senga Bay kapena ku Mangochi, ndipo mphepo ya mwera ikamawomba mchenga umauluka. Timiyala tambiri ta mumchenga ndi ta quartz, tomwe n'tolimba kuposa galasi. Kamchenga kamodzi kakakhala pagalasi, iwe n'kupukuta ndi kansonga ka malaya, wakokera mwala pagalasi lako. Malenzi ambiri omwe ndawaona ali ndi timizere tozungulira sanagwe pansi ayi, anakalika ndi kupukuta. Choncho choyamba n'kuuzira ndi kapampu karabala kaja, lenzi italoza pansi. Chachiwiri ndi kaburashi kofewa. Kansalu ka microfibre kamabwera pomaliza, ndipo madzi otsukira amadonthezedwa pansalu, osati pagalasi. Kuuzira ndi pakamwa kumasiya timalovu. Tishu ndi spirit wa papo uja muzisiye, amasiya zotsalira. Chivindikiro chogwira bwino chimachepetsa nthawi zomwe umafunika kupukuta, ndipo mwa njira imeneyo chimateteza galasi kuposa mmene timaganizira.

Komabe pali nthawi imene kutseka kumawononga. Lenzi ikanyowa ndi mvula, kapena ikachita thukuta pochoka m'chipinda cha hotelo chozizira kupita panja potentha, musaitseke n'kuiika m'chikwama. Mnzanga wina wa ku Thyolo, komwe chiperoni chimatha masiku chikungowaza mu June ndi July, anasunga lenzi yake yotseka mbali zonse m'kachikwama kachikopa, mu wadiropu. Atadzaitulutsa, mkati mwa galasi munali tayala timizere toyera ngati ukonde wa kangaude. Chimenecho ndi chuku, ojambula timati fangasi. Chimakonda mdima, chinyezi ndi mpweya wosayenda, ndipo chikakhalitsa chimadya timiyalo ta pagalasi tija moti ngakhale atsuke chipsera chimatsala. Ndikachokera kumvula ndimachotsa zivindikiro zonse, ndimapukuta kunja, n'kusiya malenzi patebulo m'chipinda chouma mpaka mmawa, nditawafunditsa kansalu kopepuka. Posunga ndimagwiritsa ntchito kontena yapulasitiki yotseka bwino, momwe ndimaikamo timapaketi ta silica gel, timibulu toyamwa chinyezi. Chinyezi cha pakati pa 40 ndi 50 peresenti ndi chimene chimafunika, ndipo kachida koyezera chinyezi n'kotchipa. Silica gel akakhuta madzi sagwiranso ntchito, amafunika kuwumitsidwa ndi kutentha kapena kusinthidwa. Nyengo ya dzinja, kuyambira November mpaka April, ndimayang'anamo pafupipafupi.

Dzuwa nalonso limafuna chivindikiro. Lenzi imasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi, ndiye kamera ikasiyidwa patebulo kapena pampando wa galimoto italoza dzuwa, mkati mumatha kupsa. Pa kadamsana wa pa 21 August 2017 ku America, kampani ina yobwereketsa makamera inaonetsa zida zomwe zinabwerako zitapsa mkati, mashata (timakatani totsegukira kuwala pojambula) ndi masensa omwe. Amene muli ndi makamera a mirrorless musamale kwambiri, chifukwa mwa iwo mulibe kalilole wotchinga pakati pa lenzi ndi sensa. Pa ukwati wapanja, nthawi ya ulaliki wautali kamera ikamapuma pa tripod, choimikira chija cha miyendo itatu, tsekani.

Anthu amandifunsa ngati fyuluta ya UV singalowe m'malo mwa chivindikiro. Singalowe. Fyuluta ndi galasi lopyapyala, ikagundidwa imasweka ndipo zidutswa zake zimatha kukala lenzi yomwe imayenera kuiteteza. Ntchito yake ndi ina. Ndimaiika kunyanja, pafumbi, ndiponso pamene akwati akutsegula shampeni kapena ana akuthamangira kudzagwira kamera ndi zala za keke. Ikhale ya makampani odziwika monga Hoya kapena B+W, yokhala ndi timiyalo tochepetsa kunyezimira. Yotchipitsitsa imabweretsa mizukwa ya magetsi pachithunzi mukamajambula usiku mu holo. Chivindikiro chimagwira pa fyuluta mofanana ndi palenzi, saizi ndi yomweyo, koma fyuluta zina zopyapyala kwambiri zili ndi mazinga ochepa kutsogolo moti chivindikiro sichigwira bwino. Yesaninso pamenepo.

Pamene ndikujambula, chimene chimateteza galasi kwambiri ndi hood. Mlendo akakugunda ndi chigongono povina, kapena kamera ikagunda pachitseko cha tchalitchi, imalandira ndi hood. Ndimamva chisoni ndikaona wojambula hood ili chozondoka palenzi tsiku lonse, dzuwa likumuwomba pagalasi. Kuzondotsa kuja n'kosungira m'chikwama basi.

Ndipo m'chikwamamo, tchaja, mapulagi, mabatire ndi makiyi zili ndi chipinda chawochawo chotseka ndi zipi, kutali ndi malenzi. Lenzi iliyonse imaima m'chipinda chake, yotseka kutsogolo ndi kumbuyo.

Mukamatuma m'bale wa ku Joni kapena ku UK kuti akugulireni, musamuuze dzina la kamera lokha. Jambulani kutsogolo kwa lenzi pomwe pali nambala ya ø ija, mumutumizire pa WhatsApp, ndipo mumuuze kuti mukufuna chotsina pakati. Pa chivindikiro chakumbuyo nambala imeneyo siigwira ntchito, chimatengera mtundu wa pomangira lenzi: EF kapena RF kwa Canon, F kapena Z kwa Nikon, E kwa Sony. Cha Nikon F sichilowa pa lenzi ya Z, ndiye tchulani chilembocho momveka. Muitanitse ziwiriziwiri pa saizi iliyonse, china chizikhala m'chikwama cha ntchito, china kunyumba. Zikafika muziyese pabedi paja musanataye zakale.